Mawu a m'malo mwa chithunzi

Zaka zoyamba za matipate, maliro atachuluka m'mapiri mwathu, ndinkagwira ntchito pa kabungwe kena pa Boma pa Ntchisi. Tinkajambula ana ovutika kuti zithunzi zawo zizioneka pa intaneti, anthu akunja aziwathandiza. Zithunzizo zinkapita kunja osabwererakonso, ankazilowetsa m'makina komweko. Ine yanga inali yolemba masamba a pa intanetiwo pa kompyuta n'kuwatumiza kunjako pa disiketi.

Kulemba pamanja malangizo a chithunzi chilichonse kunkanditopetsa, ndiye ndinapanga kapulogalamu koti kazindilembera. Kankafuna ukapatse zinthu zitatu: dzina la fayilo, kukula kwa chithunzi, ndi mawu oti azioneka chithunzicho chikalephera kutuluka. Ukapanda kukapatsa mawuwo kankakana kugwira ntchito. Ndinachita dala. Intaneti inkadzera pa foni, ndipo foni zathu ndinkazidziwa, mvula ikangogwa chithunzi sichibwera, pamatsala mawu okha.

Abwana athu, munthu wa ku Lilongwe amene sanapondepo m'mudzi uliwonse wa kwathu, zimenezi zinawanyansa.

"Ana ndi ambiri awa. Mpaka aliyense kumulembera zakezake? Popanda mawu, kaziika kokha."

"Kaziika chiyani, bwana?"

"Zokhudza mtima azungu."

Analemba okha m'Chingerezi: mwana wamasiye, wopanda womusamala. Ndinakangana nawo mpaka kukhosi kunauma, koma bwana ndi bwana. Kuyambira pamenepo anzathu ojambula analeka kufunsa za ana. Ankangojambula n'kukwera njinga.

Tsiku lina kukugwa mvula anafika mayi ena a ku Malomo, matope mpaka m'mawondo, manja akuda ndi phula la fodya. Mwana wawo wamkazi, amene tinamujambula chaka chathacho, anali atamwalira. Pakhomo pawo panalibe chithunzi chake, ndipo anamva kuti chili m'makina mwathu. Ankangofuna kuonanso nkhope yake.

Ndinawapatsa mpando n'kulumikiza kompyuta ku foni. Inalira, inalira, kenako tsamba linayamba kutsika pang'onopang'ono. Panatuluka kabokosi kopanda kanthu, m'kati mwake muli timawu. Foni inaduka. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Mayiwo anasendeza nkhope pafupi ndi galasi, manja ali pamiyendo kuopa kudetsa tebulo.

"Pali zolemba apo, bambo. Ndi dzina lake?"

"Ayi, mayi."

"Nanga akuti chiyani?"

Ndinalakalaka magetsi atazima. Sanazime. Ndinawamasulira mawu aja mmene analili, ndipo ndikuwatchula ndinadana nawo abwana aja, chidani chimene sichinathe mpaka lero.

Mvula inali phokoso pa malata.

"Kunjako onse amawerenga zomwezi?"

"Eya, mayi."

"Bambo ake ndi amene anatisiya. Ine ndinalipo. Ndinkamubereka kupita naye kuchipatala ali wamkulu kale, miyendo ikukwekwereka pansi."

Ndinawalonjeza kuti ndisintha, ngakhale ndinkadziwa kuti disiketi imachedwa panjira ndipo ikafika, tsamba la mwana womwalira amangolichotsa. Ndinawapempha adikire mvula ikate, mwina chithunzi chibwera. Anadikira mpaka nthawi ya minibasi yomaliza. Sichinabwere.

Anaimirira n'kumanga bwino chitenje. Ali pakhomo anatembenuka.

"Nkhopeyo siyani, ndikuikumbukira. Koma mukawauze azunguwo kuti anafera m'manja mwa amayi ake."