Phala la Asewele

Bambo anga anayamba kutsamwa ndi nyama, kenako mbatata. Iwo ankaseka, kumati ndi mano atha. Ine sizinkandiseketsa. Adokotala a ku Kabudula anatitumiza kuchipatala chachikulu m'tauni kuti akawalowetse kukhosi kapaipi kokhala ndi kamera. Anati khansa ya pammero ikapezeka idakali kachilonda, imatheka kuchotsedwa ndi kapaipi komweko, osang'amba munthu. Lamulo linali limodzi basi: apite m'mimba mulibe kanthu.

Tinagona pa Njewa, kwa apongozi anga aakazi, kuti tilawirire. Ndinawafotokozera za lamulolo, n'kubwerezanso. Iwo, "Ee, tamva, mwanawe."

M'mawa ndinangoti ndikasambe. Pobwera ndinapeza bambo ali pampando, mbale ya phala la nsinjiro ili m'manja, supuni ikuyenda.

"Bambo! Mukutani kodi?"

"Asewele andipatsa," anatero monong'ona. "Munthu wachita kundigwadira, ndikane bwanji iwe?"

Apongozi nawo sanachedwe. "Mlendo achoke pakhomo panga ndi njala, anthu akamve zotani? Ndi phala chabe ili, si chakudya."

Ati si chakudya! Ndinapsa mtima, koma mtengwa angakalipire apongozi ake?

Kuchipatala anamwino anafunsa ngati adyako kanthu. Bambo, mkulu wa mpingo, bodza sankalidziwa. "Kaphala pang'ono," anayankha. Basi, anatibweza n'kutipatsa tsiku lina.

Tsiku linalo linagwera nthawi yothyola fodya. Bambo anakaniratu. "Fodya wapsa m'munda, ndimusiyire ndani?" Atathyola anati asoke kaye, atasoka anati asankhe masamba, kenako adinde mabelo. Ndinachonderera, ndinalira, mpaka ndinakawanenera kwa abusa. Ayi ndithu, munthu wamakani ngati bambo anga sindinamuonepo.

Anavomera atayamba kubweza ngakhale thobwa. Ulendo umenewo tinachokera kumudzi, osapatukira kwa wina aliyense. Adokotala anandionetsa zimene kamera inajambula: chotupa chinali chitatseka pafupifupi njira yonse. Anati chakula, sichingachotsedwenso. Chomwe akanatha n'kuikamo kapaipi kena kuti zamadzimadzi zizidutsako.

Bambo, chizungulire cha mankhwala chisanathe n'komwe, anawomba m'manja kuthokoza adokotalawo. Mu minibasi anandigwira mkono.

"Asewele usakawauze kuti phala lija linalakwitsa. Angadandaule, eti."

Sindinawauze. Pamaliro a bambo, apongoziwo ndi amene analira kuposa tonse, ine ndili phee pambali pawo, mtima ukuwira.