Mkazi wamasiye savala wigi

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kulawa ambulera mu saluni ina ku Limbe. Mlandu wake? Tsitsi la mzimayi yemwe sanakhaleko n'komwe padziko pano.

Gulu lina la zisudzo ku Chitawira likukonza sewero kuchokera m'buku limene mnzanga akulemba, ndipo ine anandipatsa ntchito yokonza mitu ya osewera. Nkhaniyo ndi ya Donariya, mtsikana wa ku Nsanje amene akutsika sitima pa Limbe dziko lisanalandire ufulu, n'kukwatiwa ndi mnyamata wa kunjanji. Gawo loyamba silinandivute: tsitsi lomanga ndi ulusi wakuda, tinyanga tili njo. Amuna ndinawalamula seda, palibe anadandaula.

Koma m'gawo lachiwiri mwamunayo amwalira, ndipo masiku amenewo wamasiye ankametedwa mpala. Sewero lathu ndi la tsiku limodzi, choncho ndinati Jesinta, mtsikana amene akusewera Donariya, ametedwe zenizeni anthu akuona. Iye anavomera. Wakhala akusewera wantchito wobweretsa tiyi kuyambira kale, ndipo aka n'koyamba kumupatsa malo aakulu. Akakana, alipo atsikana ena amene akudikirira pakhomo.

Tili mkati moyesa ulusi mu saluni muja, analowa amayi ake, fumbi la ku Chirimba lidakali kumapazi.

"Ndinu amene mukufuna kumeta mwana wanga? Wamwalira ndani? Chinkhoswe chake chili pafupi, mukufuna kuti mnyamatayo afe asanalowe m'nyumba?"

Mwini saluni anayesa kuzimitsa moto. "Mayi, tingomuveka wigi yaifupi. Anthu sadziwa."

Ndinakana, ndipo ndikukanabe. Anthu adziwa. Kodi simunaonepo masewero athu a zamakedzana? Mkazi wavala chilundu, wasenza mtsuko, koma kumutu kuli meshi yofika m'chiuno, zikhadabo zili psuu. Timakonda mbiri yathu ikasamba n'kudzola. Zovala timalola kubwereka kwa makolo, koma mutu ayi, chifukwa kumutu n'kumene kumakhala manyazi. Ndiye ana athu aziganiza kuti amayi aja ankaika amuna awo m'manda n'kubwerako akuwala?

Zonsezi ndinazinena mokweza, monga mundidziwira. Mayiwo anakhala pansi, ambulera pamiyendo.

"Inu mukuzidziwira m'buku. Ine bambo ake a mwanayu atamwalira, azilamu anga anandikhazika kuseri kwa nyumba ndi lezala lobuntha. Palibe anandifunsa. Ndinabwerera ku Blantyre mutu uli mabala okhaokha, duku osavula mpaka tsitsi litamera."

Jesinta anatembenuka, ulusi ukulendewera patsaya. "Amayi, bwanji simunandiuzepo?"

"Ndikanakuuza kuti utani nazo?"

"Ndiye mundilole ndiwaonetse anthu. Ine andifunsa, ndipo ndavomera ndekha."

Mtima unandiwawa kwambiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo apa amene anamva sanali ine.

Mantha a mayiwo sindikuwaseka. Amene anaikapo mwamuna m'manda ali ndi ufulu woopa chilichonse chofanana ndi tsikulo. Komabe lumo silinaphepo mkamwini wa munthu. Chimene chimatipweteka ndi kubisa, mpaka mwana kukula m'nyumba imodzi ndi mayi ake osadziwa chimene chinachitika pansi pa duku.

Mayiwo anaimirira, n'kugwira tinyanga ta mwana wawo kamodzikamodzi.

"Amene akumumeta m'seweromo ndani?"

Ndinawauza kuti ndi mtsikana wina amene akusewera mlamu wake.

"Ameneyo mumuchotse. Dzanja la mlendo lisakhudze mutu uwu. Ndikwera ndekha pa sitejipo, ndi madzi ofunda ndi sopo. Ndipo ndisanayambe ndimufunsa, anthu onse akumva."

Mnzanga wolemba uja tsopano akusintha gawo lachiwiri, chifukwa m'buku mwake munalibe funso limenelo. Jesinta malo ake sanawataye, ndipo pa chinkhoswe akuti adzapita ndi mutu womwewo.

Nanga inu, amayi anu amene mumawaona atamanga duku m'zithunzi zakale zija, munawafunsapo kuti analimangira chiyani?