Khomo la a Pelkmans

Ku Baarle, tauni ya pakati pa Belgium ndi Netherlands, malire alibe ulemu. Amalowa m'sitolo, kudula khitchini pakati, n'kutulukira kuchipinda. Mafumu akale anagawana minda ngati anthu oledzera, ndiye mpaka lero nyumba imakhala ya dziko limene kuli khomo lake lakumaso.

A Stan Pelkmans, kalipentala, anakalambira pantchito yosuntha makomo a anzawo. Munthu akatopa ndi malamulo a Belgium ankangowaitana, khomo n'kusendera pang'ono, basi wasanduka wa ku Netherlands osanyamula ngakhale mpando. Ntchitoyo inkawanyansa, ndipo sankabisa.

"Dziko mukuliyesa malaya eti?" ankakalipa. "Khomo langali anaika ndi agogo. Asilikali a nkhondo ziwiri analipeza ku Belgium, n'kulisiya ku Belgium."

"Tsiku lanu likubwera, achimwene," ankatero a Harrie, oyandikana nawo a mbali ya Netherlands.

"Ine pakhomo ili ndidzatulukira m'bokosi!"

Kenako akazi awo, a Trees, amene anawakwatira kuchokera mbali ya Netherlands, anafa ziwalo. Namwino anabwera kudzaona nyumba: masitepe atatu, khomo lopapatiza, msewu pomwepo.

"Njinga ya olumala siingalowe apa, bambo. Mukapanda kukonza, mayi azikakhala kunyumba ya okalamba."

Khoma lakumaso linali ndi malo amodzi okha osalala, ndipo mwa tsoka lake anali kuseri kwa timitanda toyera tosonyeza malire, mbali ya Netherlands. A Stan anayeza kasanu ndi kawiri. Anatukwana mafumu onse aja mmodzimmodzi, akufa kalekale, koma malire sanasunthe. Lolemba anatenga hamala n'kuboola khomo latsopano pamalo osalala aja. Khomo la agogo analitseka ndi njerwa kuti bedi la wodwala likwane pabalaza.

A Harrie anabwera ndi khofi, mano onse pamtunda. "Takulandirani kwathu kuno, achimwene!"

"Choka apa, iwe!"

Tsiku lotuluka m'chipatala, njinga inalowa bwinobwino osagunda paliponse. A Trees anayang'ana nambala yatsopano ya nyumba, yokhala ndi kambendera ka kwawo ku Netherlands, n'kuyang'ana amuna awo. Mawu ankatuluka movutika.

"Zaka zonsezi ndinali ku chitengwa, a Stan. Tsopano mkamwini ndinu."

 A Stan anagwada n'kuyamba kupukuta utuchi pamatayala a njinga.