Zibenthu za Mbale za a Musathirire

Lachiwiri, pa 16 Seputembala, cha m'ma 10 koloko m'mawa, amuna atatu anabwera ndi zikwakwa ndi wilibala kuseri kwa nyumba yathu yosanja, n'kutchetcha dimba la a Musathirire mpaka dothi kuonekera. Anatolanso zibenthu zonse za mbale zimene zinazikidwa m'dimbamo, n'kukazitaya kudzala. Ndinaona ndi maso angawa pa zenera la khitchini. Mmene ndinkamaliza masitepe makumi anayi ndi awiri ndi bondo langali, n'kuti ntchito itatha. Kapitawo wawo anati munawatuma ndinu, a Wapampando a komiti ya nyumba ino, ndipo Lolemba akubwera kudzathira simenti kuti pakhale poimika magalimoto.

Munalowa m'nyumba muno chaka chatha chomwechi, choncho munthu amene mwamulakwira simukumudziwa. Ndikuuzani.

A Musathirire anasesa masitepe ndi bwalo la nyumba ino zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Sukulu sanapite nayo patali. Pamene ankayamba ntchito, kuseriku kunali njerwa zosweka ndi malata adzimbiri amene omanga anasiya. Tsiku lina, pochokera kokaona mchemwali wawo, anapeza katapila akulambula msewu watsopano, atazula maluwa am'tchire aja ofiira ngati makala amoto. Anatola zitsinde zisanu ndi ziwiri, n'kuzikulunga m'jekete, n'kubwera nazo pa basi. Dzina la duwalo la m'mabuku sindilidziwa, ngakhale ndinaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Iwo ankangoti "akwathu".

Duwa limeneli ndi lamakani. Silifuna feteleza, silifuna kunyengereredwa. Mvula yoyamba ikagwa limaphuka, mapesi n'kufika m'chiuno. Chilimwe chikafika limauma gwa, moyo wonse n'kubwerera pansi. Wosalidziwa amati lafa, amathamangira ndowa, ndiye chitsinde chimaola. Dzina lawo linachokera pamenepo. Ndikukumbukira mayi wa m'chipinda chapansi atanyamula beseni la madzi ochapira.

"Musathirire, mayi! Musathirire!"

"Koma bambo, maluwa anuwa auma."

"Agona amenewo. Inu amuna anu akagona masana mumawathira madzi?"

"Masiku ena ndimatero."

"N'chifukwa chake akuoneka oola."

Mapesi oumawo sankawadula mpaka mitambo itayamba kusonkhana, chifukwa mpheta zinkadya njere zake, ndipo tinjuchi tam'tchire tinkabisala m'kati mwa mapesimo. Njerwa zosweka zija anaziunjika pakona kuti mukhale abuluzi. Mankhwala ophera tizilombo sanalowepo m'dimbamo. Madzi okha amene ankaloleza anali a mbalame, m'chivundikiro cha poto.

Tsono zibenthu zija. Mapesi akagwa palibe chosonyeza pamene chitsinde chagona. Choncho pambali pa chitsinde chilichonse ankazika chibenthu cha mbale: choyera pa zisanu ndi ziwiri zoyamba zija, chamaluwamaluwa pa zimene anagawa pambuyo pake. Mbale ikasweka m'nyumba muno sitinkataya, tinkatsika nayo kwa iwo. Pa zaka zitatu zilizonse ankafukula n'kugawa, mpaka zitsinde zinakwana makumi asanu ndi limodzi. Zimene anthu anu anaziona ngati zinyalala anali mapu a dimba lonse.

Nditamukalipira kapitawo, anatulutsa pepala m'thumba. "Madala, dandaulotu ndi lanu lomwe. Sayini iyi si yanu?"

Ndi yanga. Sindikana. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo ndinalembera komiti kuti kuseriku kwasanduka tchire, kuti mbale zosweka zidzacheka ana, ndi kuti wosesa azisesa, osati kuweta abuluzi. Makalata anga onse ndimasunga, imeneyo ndi nambala 31. Komiti ya nthawi imeneyo sinandiyankhe, monganso sinayankhe za mpopi wodontha ndi za babu la pa masitepe. Amene anayankha ndi a Musathirire. Anagogoda pakhomo panga m'mamawa, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, ndamva mwandilembera. Tsikani mukhale pa njerwa, mutseke pakamwa mphindi khumi zokha. Mukatero mukalembe ina."

Palibe anandiuzapo kutseka pakamwa kupatula malemu mayi akunyumba. Ndinatsika kuti ndikapeze zoonjezera m'kalata. Kunabwera timbalame tamilomo yaitali tija tomwa timadzi ta m'maluwa, kamodzi n'kutera pafupi ndi nsapato yanga. Kunabwera agulugufe. Bilimankhwe anawoloka phesi mosafulumira, ngati mwini nyumba. Sabata yomweyo ndinalemba kalata nambala 34, yochotsa dandaulo langa. Inu mwafukula 31. Nanga 34 ili kuti? Zaka zonsezi komiti yasankha kumvera kalata yanga imodzi yokha, ndipo ndi yomwe ndinalakwitsayo.

M'mwezi wa Meyi a Musathirire anagwa pa masitepe achitatu, tsache lili m'manja. Mbali yakumanja inafa, mawu anatsala ochepa. Tsopano akukhala ndi mwana wawo wamkazi, telala, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yake. Komiti sinapiteko. Ine ndimapita, ndipo funso lawo ndi limodzi: "Agona?" Ine ndimati agona.

Lachitatu ndinabwereka khasu. Ndinakumba mwachimbulimbuli, chifukwa bwalo lonse likungofanana. Maenje asanu sindinapeze kanthu. Pa dzenje lachisanu ndi chimodzi khasu linadula chitsinde pakati. M'kati munali moyera, mwamadzimadzi. Zili moyo, a Wapampando, zonsezo zili moyo pansi pomwepo. Ndinayesanso, msana unakana. Kenako mlonda anabwera, mwaulemu ndithu, kudzandiuza kuti palibe wokumba popanda chilolezo chanu. Ndinabweza khasu la eni.

Lero ndinapita kushopu. Telala anandichingamira pakhomo, tepi ili m'khosi. "Chonde bambo, musawauze. Angodya kumene."

Ndinalowa. Anali pa mpando pafupi ndi mashini, atafunda bulangete m'miyendo. Anati, "Agona?" Ndinati agona. Sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana nsapato zanga, zimene zinali zidakali ndi dothi la m'dimbamo, n'kuyang'ananso matuza m'manja mwanga. M'chilimwe palibe chokumbira m'dimba limenelo, ndipo iwo ndi amene anandiphunzitsa zimenezo. Anatukula dzanja lamanzere n'kuyamba kuloza pa bulangete, apa, apa, apa, mzere ndi mzere. Mapu ali m'mutu mwawo. Pa bulangete ine sindingawawerenge.

Telala wati Loweruka atseka shopu, abwereka njinga ya olumala, abwera nawo kuti adzaloze pa dothi penipeni. Amuna ake adzakumba. Mchemwali wa a Musathirire uja ali ndi malo kuseri kwa nyumba yake, tikadzala zitsindezo kumeneko. Za magalimoto sindikulimbana nanu, ndikudziwa kuti ndaluza: galimoto ndilibe, ndipo pa msonkhano anthu amayang'ana mawotchi ndikaimirira. Mbalame zapita kale, dzulo chivundikiro chija ndinachipeza kudzala.

Iyi ndi kalata nambala 112. Kodi mumuuza mlonda kuti atsegule geti Loweruka, a Musathirire alowe, tifukule zitsinde zawo simenti isanathiridwe? Ndiyankheni molemba pasanafike mawa masana, kuti telala adziwe ngati abwereke njingayo. Inde kapena ayi?