Kukauza Alamu ku Al Markhiya

Ndinanyamuka ku Al Muntazah, dera limene ndimakhala kuno kudziko lachiarabu, Lachisanu masana, anzanga ogona nawo chipinda akundigwirabe chanza ngati kwathu kwabadwa mwana. Nkhani inali itafika pafoni m'mawa: asilikali aphwanya msasa wa zigawenga kumpoto kwa Mozambique, ndipo mtsogoleri wake amuwombera pomwepo. Gulu limeneli ndi lomwe linagwira achimwene anga a Yamikani atapita kukapikula nsomba zouma. Achimwenewo sanabwerenso, ndipo mtembo wawo sitinauone. Akazi awo, alamu anga a Esinati, mayi a Chisomo, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Markhiya, dera lina la mumzinda womwewu, ndipo foni amaigwira pokhapokha akaweruka. Ndinafuna amve kwa ine.

Mlonda wa pahotela ngati ine sakwera takisi chisawawa, koma dzuwa la tsikulo silinali lokambirana nalo. Ndinalipira mariyali makumi awiri. Dalaivala anali wa ku Kenya, bambo wa imvi zoyambirira. Pa Bin Mahmoud ndinamupempha aime ndigulire alamu shawarma, nyama yowotcha yokulunga m'buledi, ine n'kutenga karak, tiyi wamkaka uja wa shuga wokwanira banja lonse.

“Yalla, tiyeni,” anatero. “Koma nkhope imeneyo, mukupita kumaliro?”

Ndinamufotokozera. Iye anati mlongo wake anafa bomba litaphulika pamsika kwawo. Amene analamula zimenezo anagwidwa wamoyo. Dalaivalayo anapita kukhoti, anamuona m'maunyolo, anamva ndi makutu ake amene ananyamula bombalo ndi mmene analowera. Mlongoyo anamuika kumudzi, pafupi ndi mayi awo.

Tiyi anandiwawa m'kamwa. Ndinamuyang'ana munthuyo ndi nsanje yeniyeni, yonga ija umachitira mnzako akamanga nyumba ya malata. Anali ndi manda. Anali ndi nkhani yokhala ndi poyambira ndi pothera. Ngakhale mmene ankagwirira chiwongolero, mosatekeseka, zinkandinyansa.

“Muli ndi mwayi,” ndinatero.

Anaseka mopanda chimwemwe. “Mwayi uli ndi inu. Wanuyo khalas, wapita. Wangayo amadya boma likulipira, akadwala amamutengera kuchipatala, ndipo anyamata ake akuopsezabe kuti agwira anthu kuti amutulutse. Kukhoti anandiyang'ana n'kumwetulira. Komanso msilikali wolowa kukagwira munthu wotere wamoyo, nayenso ali ndi ana kunyumba.”

“Zoona zimenezo,” ndinayankha. “Koma inu mukafuna kulira mumadziwa kopita.”

Nyumba zosanjikizana zinatsalira kumbuyo, tinalowa m'misewu ya zii, ya mipanda italiitali ndi mitengo ya kanjedza yothiriridwa ndi mapaipi. Potsika dalaivala uja anandigwira mkono mwamphamvu, koma palibe anauza mnzake kuti walondola.

Alamu anatulukira pageti laling'ono la antchito, manja ali ndi thovu la sopo. Abwana awo anali atawalola kanthawi kochepa.

“Alamu, kwagwanji? Bwanji osatumiza meseji?”

Ndinawauza zonse. Sanalulute, sanalire. Anapukuta manja pa epuloni pang'onopang'ono.

“Asanamuphe anamufunsa?”

“Ayi, alamu. Akuti anangowombera.”

“Ndiye amene ankadziwa kumene kuli bambo a Chisomo ndi ameneyo.” Anayang'ana shawarma ija osailandira. “Mwana akandifunsa pafoni ndimuuze kuti chiyani? Kuti ndine wamasiye, kapena tidikirebe?”

Mawu a mayi wa m'nyumbamo anamveka akuitana, ndipo geti linatsekedwa.

Ndinabwerera pa basi. Sindinamvere chisoni munthu anaphedwayo, ndipo mwina kufa kwake kwapulumutsa amalonda ena a nsomba. Koma ulendowu unandiphunzitsa kuti chipolopolo chimatseka pakamwa pa wolakwa pamodzi ndi zonse zimene ife ofedwa timafuna kumufunsa. Nditafika kuchipinda anzanga anali atagula zakumwa zoti tisangalale. Ndinawathokoza, n'kuyamba kusita yunifolomu ya mawa.