Mayi a Mzinga Anandilanda Mlendo

Mayi okalamba oyandikana nafe nyumba salankhula motsitsa, chifukwa mzinga unawagonthetsa khutu pa nkhondo ya ku Zacatecas. Ankakwera hatchi yotsogolera mahatchi okoka mzingawo, ndipo zingwe zake zachikopa amazipakabe mafuta pakhonde. "Mzinga ndi chitsulo chabe," amatero, "omenya nkhondo anali mahatchi."

Lamlungu Eusebio, mnyamata amene ndinkamukonda, anabwera kudzandiona koyamba, atanyamula buledi wotsekemera. Ndili mkati mosakasaka mawu omulonjera, mayiwo anakuwa pampanda: "Iwe wa ndevu zitatu, ungamange hatchi pa mzinga? Tabwera kuno!"

Anapita akuseka. Ndinkasuzumira pazenera mayiwo akumuveka zingwe m'khosi ngati hatchi. Buledi wanga anadyera komweko.

Pochoka anandiuza kuti, "Aneba anuwa ndi osatopetsa! Ndibweranso Lamlungu."

Sindinalimbe mtima kufunsa kuti kwa yani.