Mlatho Wathu Ndinaupereka M'pemphero

Kwathu ku Shikabeta akafuna munthu wokawalankhulira ku boma sayang'ana sukulu, amayang'ana pakamwa. Ndiye anasankha ine. Sukulu ndinalekeza ndisanadziwe bwino kugawa masamu, koma pamaliro, paukwati, ngakhale pamlandu wa mbuzi, palibe ananditsekapo pakamwa.

Khansala anali atalengeza kuti ku Rufunsa kuli msonkhano wokonza pulani ya zaka zikubwerazi, dera lililonse litumize munthu akanene chimene chikuwawa kwambiri. Chathu chinali chimodzi: mlatho pa kamtsinje kamene kamatitsekera njira ya kukiliniki mvula ikagwa. Dzinja lathali Tisa, mwana wa mlamu wanga, anachirira pamchenga tsidya lino, madzi atakana kuphwa. Khanda linapulumuka mwamwayi chabe.

Ndinanyamuka kukucha, nditavala jekete ya kutchalitchi. Ndinakwera kanta yonyamula makala, makwacha makumi asanu mpaka ku mseu waukulu wa tara. Dalaivala anandikweza pamwamba pa matumba.

"Ba mudala, jekete iyo ikafika yakuda," anatero.

"Inabadwa yakuda, mwana wanga. Iwe yang'ana maenje."

Mseu wathu uja ndi wa maenje okhaokha, ena oti mwana wa ng'ombe angagonemo osaoneka. Njira yonse ndinkayeserera mawu anga pa amayi awiri opita kukagulitsa masau. Ndinawafotokozera za kamtsinje mpaka mmodzi anapukuta misozi. Winayo anandipatsa masau odzaza dzanja, ati mwina ndikamatafuna makutu ake apumako.

Dzuwa litakwera tinafika pa tara. Minibasi yochokera ku Luangwa inanditola, kondakitala anati makwacha makumi atatu. Ndinamuuza kuti ndikupita kukakonza dziko. Anati dziko likonzedwe, koma mtengo ndi womwewo. Pa Rufunsa ndinatsika, ndinagula vitumbuwa viwiri ndi kapu ya munkoyo pamsika, ndinakung'untha fumbi la makala, n'kulowa mu holo.

Anthu anali atadzaza. Kutsogolo kunali mtsikana wa ku ofesi ya mapulani, waulemu ndithu, ndi mnyamata wolemba pa kompyuta zonse zonenedwa. Mtsikanayo anafotokoza m'Chinyanja chomveka bwino kuti aliyense akweze dzanja, anene dera lake ndi vuto lake, ndipo chimene chalembedwa lero ndicho chidzakambidwe popanga pulani.

Tsono apa mundimvetse. Kwathu pabwalo munthu wamkulu sayamba kulankhula, ndipo sakweza dzanja ngati mwana wa sukulu wopempha kupita kuseri. Amayamba anyamata, kenako amayi, kenako madoda. Wamkulu amakhala chete, chibwano pa ndodo, mpaka onse atatha. Pamenepo amamutembenukira n'kunena kuti, "Akuluakulu, timangireni nkhani." Mawu omaliza ndiwo amalemera. Ine ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaona kuti imvi zondiposa mulibe, ndinadziwa kuti nkhani ndidzamanga ndine.

A ku Chinyunyu anaimirira, anapempha mashedi a pamsika wa m'mbali mwa mseu. Wina anati mijigo. Kamtsikana kena, kochepa ngati mdzukulu wanga, kanalankhula za nyumba za aphunzitsi mpaka anthu anaomba m'manja. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati woweruza, mumtima ndikuti lankhulani ana inu, nyama ili kumbuyo.

"Alipo wina amene sanalankhule?" anafunsa mtsikana wa ku ofesi uja.

Ndinatsokomola. Kwathu chifuwa chimenecho amachidziwa ngakhale agalu. Kuno mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anangondipatsa botolo la madzi.

"Palibe? A ku Shikabeta alipo?"

Ndinakonza jekete, ndinadikira kuti andipemphe monga mwa mwambo. Iye anayang'ana manja, osati imvi. Dzanja panalibe. Anathokoza onse, mnyamata uja anapinda kompyuta yake. Ndipo pamenepo m'pamene maso a mtsikanayo anagwera pa ine.

"Ba tate, ndinu aakulu pano. Titsekereni ndi pemphero."

Ndinaimirira. Ndinaona kuti khomo latsala ndi lomweli. Ndinathokoza Ambuye mwachidule, kenako ndinawauza za kamtsinje, za m'lifupi mwake, za Tisa pamchenga, za malo pamene pali thanthwe loyenera mizati. Ndinatchula ngakhale simenti. Anthu ena anayamba kunena ameni ndisanafike pakati. Nditatsegula diso limodzi ndinaona ena akuloza kale kukhomo kumene kunali mabanzi.

Panja ndinamuthamangira mtsikana uja. Anandimvera mwaulemu, anati, "Ba tate, ndinaitana dzina la dera lanu. Mukanangokweza dzanja." Anati za lero zatsekedwa pamaso pa onse, sangawonjezere kuseri, koma ndikaonane ndi khansala kuti komiti ya m'dera lathu itumize nkhaniyo nthawi isanathe. Sanandinyoze. Bwenzi atandinyoza, ndikanapeza pokwiyira.

Pobwerera kanta inali yopanda katundu, ndinakhala pansi pakona. Dalaivala anafunsa ngati ndadwala, poti sanandimve mawu njira yonse.

Ndinafika dzuwa likulowa. Amake Tisa anali pakhomo akusenda chinangwa, khanda lija lili kumsana.

"Mwayenda bwanji, alamu? Mwanena?"

"Ndanena zonse. Koma ndanena kwa Mulungu."

Ndinawafotokozera osabisa. Anayankha akusendabe chinangwa.

"Mulungu amaudziwa mtsinje uja, alamu. Anaukumba yekha. Ife tinakutumani kwa anthu amene saudziwa."

Mawa lake ndinayenda wapansi kupita kwa khansala, chipewa chili m'manja. Ngati mlatho udzalowe mu pulani, sindidziwa. Chimene ndadziwa n'chakuti ulemu wodikira kupemphedwa unathera pabwalo lakwathu. Inu okalamba anzanga, mukaitanidwa ku boma, dzanja likwere musanakhale n'komwe pansi. Mvula siyembekeza kuti wamkulu amange nkhani.